Mwala Umene a Osório Anapita Nawo ku Milange

Mwezi wa Okutobala kuno ku Majaua dzuwa limatuluka litapsa kale. Nyenje zimayamba kulira tambala atangosiya. Nthaka imang'aluka, mphepo imanyamula phulusa la m'minda yotenthedwa n'kulithira m'maso, mango ali aang'ono, owawasa. Nyengo imeneyi imafuna kuti mizere ithe mvula isanagwe, imafunanso kuti madzi apezeke. Mizere ndi nkhani ya khasu ndi msana. Madzi ndi nkhani ina.

M'mudzi mwathu zitsime zimayamba kuphwa chapakati pa mweziwu. Chimayamba ndi cha kudambo, kenako cha pafupi ndi tchalitchi. Chomaliza ndi cha pakhomo pa a Osório, chifukwa anachikumba okha, ndipo anachikumba mozama. Chimenechi chikayamba kutulutsa matope, aliyense amadziwa kuti yakwana nthawi yopita kuphanga.

Phangalo lili m'tsinde mwa kaphiri, kuseri kwa minda ya chinangwa. Pakhomo pake pali mkuyu. Ukalowa umayenda chowerama pang'ono, kenako pansi pamatha. Pali phompho lakuya ngati anthu awiri ndi theka atasanjikizana, ndipo ukafika pansi umayenda mapazi khumi kulowa mkati kuti upeze dziwe la madzi ozizira amene sanaphwepo. Ndowa ya pachingwe siifikako. Khoma lotsikira ndi thanthwe losalala, lonyowa chaka chonse. Amayi ankatsika atagwira muzu wa mkuyu ndi chingwe, akuponda m'timaenje tomwe mapazi a anzawo akale anasiya. Pokwera, chigubu chinkakhala kumsana, chobereka ndi chitenje ngati mwana.

A Osório ndi munthu wamfupi, wa mikono yolimba, wazaka zopitirira makumi asanu ndi limodzi. Nthawi ya nkhondo anathawira ku Malawi, kutsidya kwa mtsinje wa Ruo, ali mnyamata, ndipo kumeneko ndi kumene anaphunzira kukumba zitsime. Anabwerako ndi piki, chingwe, ndi mkazi, mayi Constância. Zitsime zambiri za m'midzi yathu ino zinadutsa m'manja mwawo. Wotchi sanakhalepo nayo. Pansi pa chitsime nthawi amaiyeza ndi pemphero la Tikuoneni Mariya, chamumtima. Ndowa ya dothi imakwera mapemphero awiri. Dzira limapsa mapemphero makumi awiri. Anthu amawaseka, koma chitsime chawo sichinagumukirepo munthu.

Chaka chatha, mu Novembala, mayi Lucinda, mng'ono wawo wa mayi Constância, anaterereka m'phangamo ali ndi chigubu kumsana. Anathyoka m'chiuno. Kuchipatala anachita zomwe akanatha, koma lero mayi Lucinda amayenda ndi ndodo kuchoka pamphasa kufika pakhonde, basi. Kuyambira pamenepo mayi Constância amatungira nyumba ziwiri. Maondo awo nawonso ayamba kulira akamadzuka. Ana aakazi anakwatiwa kutali, ndipo Renato, mwana wawo wamwamuna, amagwira ntchito ku Mocuba.

Nthawi yokolola nandolo, mu Ogasiti, a Osório anayambitsa nkhaniyo ali m'munda.

"Mayi a Renato, chaka chino kuphanga simutsikako."

"Adzatsika ndani? Inuyo? Ndi chigubu kumsana? Mudzi wonse udzabwera kudzaonera."

"Ndidzatsika."

"Nyumba ziwiri, kawiri pa tsiku, mizere ikukudikirani? Musandiseketse, mano ndatsala nawo ochepa."

A Osório anali atayesa kale njira ina, osauza munthu. Anapita kuphanga ndi hamala ndi tchizulo kuti aboole khoma, aikemo zitsulo zopondera. Anagogoda masiku atatu, bowo n'kufika chala chimodzi chopinda. Atathiramo simenti, inatsetsereka ndi chinyontho ngati phala. Renato ndi amene anawauza pa foni kuti kuli makina oboolera a batire, osafuna waya wa magetsi, ndiponso mabawuti amene amatupa okha m'kati mwa mwala ukamawamanga.

Anagulitsa nandolo ndi mbuzi yaikazi. Amayi a m'mphakati mwathu anaponyapo chomwe anali nacho. Chakumapeto kwa Okutobala, tsiku loti apita ku Milange mawa lake, a Osório anapita kuphanga, n'kugumula mwala wa pakhomo, waukulu ngati dzungu, n'kuukulunga m'thumba.

Kondakitala wa chapa, minibasi yathu ija, atanyamula thumbalo anafunsa kuti muli chiyani.

"Mwala."

"Tio, ku Milange miyala iliko. Phiri lonse lija ndi mwala."

"Uwu ndi wanga."

Mumsika wa ku Milange anawalozera kwa Cândido, wamalonda wolankhula mofulumira, amene amagulitsa mawailesi, matochi ndi zida. Cândido anatsegula kasutikesi kowala. Munali makina obiriwira, mabatire awiri, ndi tizitsulo tambirimbiri, tonse tili m'malo mwake.

"Papá, mwabwera pamalo pake. Onani nambala pabatirepa. Noventa e oito, mphamvu zake makumi asanu ndi anayi kudza zisanu ndi zitatu! Berbequim iyi, makina oboolerawa, ikhoza kuboola phiri la Tumbine n'kukatulukira ku Malawi opanda pasipoti."

Anatenga njerwa yootcha imene amasunga pansi pa tebulo. Makina analira, fumbi lofiira linatuluka, njerwa inabooka kuphethira kamodzi. Anthu amene anaima pafupi anagwedeza mitu. Umo ndi mmene aliyense amayesera makinawa mumsikamo, panjerwa kapena pathabwa.

A Osório anamasula thumba lawo n'kuika mwala patebulo.

"Tayesani apa."

"Aa, papá, njerwa ndi mwala n'chimodzimodzi."

"Ndiye palibe vuto."

Anthu anali atachuluka, ndipo Cândido sakanabwerera m'mbuyo. Anakanikiza ndi thupi lonse. Makinawo analira ngati udzudzu waukulu. Milomo ya a Osório inkagwedezeka pang'onopang'ono. Atafika pemphero la makumi awiri, nsonga yoboolera inali itachita bii, fungo la waya wopsa likumveka, ndipo pamwala panali kachizindikiro ngati pamene nkhuku yajompha.

"Mwala umenewu mwauthira mankhwala, madala," anatero Cândido, akuuzira m'manja. "Munthu wabwinobwino sayenda ndi mwala m'thumba."

Mayi wina wogulitsa nyemba anaseka mpaka kugwira m'mimba. Ndi yemweyo amene anawalozera kusitolo ya dona Ana Paula, m'mbali mwa msewu wopita kumalire.

Dona Ana Paula amagulitsa simenti, malata, misomali ndi mapaipi. Ndi mayi wonenepa, wovala magalasi a chingwe. Sanathamangire kutulutsa katundu. Anawapatsa mpando n'kuyamba kufunsa. Mukaboola kuti? Kumanyowa? Mudzaima pa chiyani? Mabowo angati? Kwanu magetsi aliko?

A Osório anafotokoza. Zopondera zisanu ndi chimodzi, chilichonse mabawuti awiri. Poima palibe. Adzakhala pakathabwa kolendewera pachingwe, monga amachitira m'chitsime, dzanja limodzi litagwira chingwe. Magetsi kulibe, kasola ka kunyumba kamangokwanira foni.

"Ndiye iwalani za manambala a pabokosi," anatero dona Ana Paula. "Makinawa alipo mitundu iwiri. Ena amangozungulira n'kumanjenjemera, amenewo ndi a njerwa. Ena ali ndi hamala m'mimba, amamenya mwala uku akuzungulira. Inu mukufuna omenya."

Anatulutsa awiri. Ena anali aakulu, atsopano, a zogwirira ziwiri. Ena anali aang'ono, okalikakalika, penti itachoka m'mbali. Ang'onowo anasiyidwa ndi mmisiri woika madishi a kanema amene anasinthanitsa ndi aakulu. Anapita nawo kuseri kwa sitolo, pabwalo la mchenga.

Aakulu aja analowa m'mwala ngati mpeni m'papaya. Mapemphero atatu, bowo latha. Aang'ono anatenga asanu ndi limodzi. Phokoso lake linali lina ndithu, losiyana ndi la kwa Cândido, ngati mtondo ukusinjidwa ndi anthu ambiri mothamanga.

Dona Ana Paula ankaganiza kuti nkhani yatha. Koma a Osório ananyamula makina aakuluwo ndi dzanja limodzi, n'kuwakweza pamwamba pa mutu, n'kuima choncho atatsinzina. Pemphero lachiwiri lisanathe, mkono unayamba kunjenjemera. Anawatsitsa, n'kukweza aang'ono aja. Anaima, anaimabe, milomo ikuyenda.

"Tio, mukupemphera kapena mukugula?"

"Zonse ziwiri, mwana wanga. Khumi. Awa ndi amene ndingakhale nawo pachingwe."

"Aakuluwa ndi amene ndimapezapo phindu."

"Ndaona. Pepani."

Dona Ana Paula anaseka, n'kuvula magalasi. Kenako anati asachoke asanadziwe kuti batire limodzi limaboola mabowo angati, popeza kwawo kulibe kotchajira. A Osório anaboola mwala wawo mbali zonse mpaka makina anafooka n'kuima. Anawerenga mabowo asanu ndi awiri. Mwalawo unkaoneka ngati chisa cha mavu. Mabatire analipo awiri, ndiye kuti mabowo khumi ndi anayi. Iwo ankafuna khumi ndi awiri.

"Atsala awiri a basera," anatero dona Ana Paula. Anawasankhira mabawuti oyera, amene sachita dzimbiri, ndi nsonga ziwiri zoboolera. Anawauza kuti bowo lililonse aziliuzira mpaka fumbi lithe, apo ayi bawuti silidzagwira. Ankafuna kuwadulira kapaipi kouzirira, koma iwo anati phesi la tsamba la papaya lili ndi bowo kale.

Mabatire anatsala akutchajidwa m'sitolomo. A Osório anapita kwa wowotcherera zitsulo, amene anapinda zopondera zisanu ndi chimodzi n'kuika timbale ta bowo kumapeto kwake. Anagona kwa msuweni wawo, n'kukwera chapa mawa lake. Mwala uja anausiya. Dona Ana Paula anati azitsekerezera chitseko, ndipo aliyense wofuna makina oboolera aziyamba wayesa pamenepo.

Anafika kunyumba n'kupeza mayi Constância akusefa madzi ndi kansalu. Chitsime chinali chitayamba matope.

M'mawa mwake anamanga chingwe kumkuyu, n'kumanga tochi pachipumi ndi mphira wa njinga, n'kutsika pakathabwa kawo. Anayamba ndi kugogoda khoma ndi hamala, akumvetsera. Pamene pankalira ngati ng'oma ankapasiya, chifukwa pamenepo mwala ndi chigamba chabe. Pamene pankalira mouma anaika chizindikiro ndi khala. Anayambira pamwamba, kuti chopondera chilichonse chiziwathandiza kuika chotsatira.

Bowo loyamba, mapemphero asanu ndi limodzi anadutsa nsonga isanafike theka. Khumi. Khumi ndi atatu ndi pamene inafika.

Anazimitsa makina ali chilendewere pachingwe, madzi akudontha kwinakwake mumdima. Anadziwa chomwe analakwitsa. Mwala umene anapita nawo ku Milange unali wa pakhomo, umene dzuwa ndi mvula zakhala zikuufewetsa kuyambira kalekale. Wa mkati muno sunaonepo dzuwa. Munthu amene wakumba zitsime moyo wake wonse amadziwa kuti mwala wa pamwamba umanamiza. Koma tsiku lija anatenga wa pakhomo chifukwa sanafune kugumula khoma limene amayi amapondapo, n'kuwachotsera ngakhale kaenje kamodzi.

Batire loyamba linatha litaboola anayi. Lachiwiri chimodzimodzi. Dzuwa litapendeka, pakhoma panali zopondera zinayi, zolimba, zoti ng'ombe ikhoza kulendewerapo. Pansi pa chachinayi panayambira kamimba ka thanthwe kotulukira kunja, kosalala kuposa pena paliponse. Pamenepo ndi pamene mayi Lucinda anaterereka. A Osório anapayang'ana nthawi yaitali. Anaona kuti tsopano paipa kuposa kale. Munthu adzatsika mwamtima pansi pazitsulo zinayi, phazi litazolowera kupeza chitsulo, kenako lidzafuna chachisanu.

Madzulo, akukhala pakhonde, anafotokozera akazi awo.

"Mawa ndilawirira ku Posto kukatchaja. Mundidikire tsiku limodzi lokha."

"Mumtsuko mwatsala madzi ofika apa." Mayi Constância analoza pachikhatho. "Lucinda sanasambe masiku awiri. Mukudziwa mmene zilonda za pamphasa zimachitira kukatentha."

"Ndikudziwa. Tsiku limodzi."

"Zinayi mwaikazo si zokwanira? Kale tinkatsika popanda n'chimodzi chomwe."

"Zinayizo ndiye zoopsa. Mayi a Renato, ndikukupemphani."

"Ndamva," anatero, n'kudzuka kukatsekera nkhuku.

A Osório akhala ndi mkaziyu zaka zoposa makumi atatu. Amadziwa kuti akati ndamva sanalonjeze kanthu.

Ananyamuka kum'mawa kutangofiira, mabatire ndi chotchajira zili m'thumba pachifuwa. Ku Posto ya Majaua, katauni kathu ka maofesi a boma, kuli Leonardo, wometa tsitsi, amene ali ndi sola yaikulu padenga ndipo amatchajira anthu mafoni. Anafika dzuwa litakwera pang'ono, malaya atanyowa.

"Mosheliwa, tio!" anawalonjera Leonardo. "Mwabwera kudzameta? Ndevu zimenezo zikufuna khasu, osati lezala."

"Ndabwera ndi izi."

Leonardo anatembenuza batire m'manja, n'kuliza mluzu. Anati chinthu chimenechi chimadya ngati mafoni makumi awiri, ndiye chidikire dzuwa lifike pamutu, komanso azitchaja limodzi limodzi. A Osório anamuuza za phanga ndi zopondera ziwiri zotsala. Leonardo amawadziwa mayi Lucinda, ankagula kwa iwo mandasi asanagwe. Anazula mafoni onse pakhoma, n'kuzimitsa wailesi, n'kulumikiza batire.

"Eni mafoniwa akabwera mukambirane nawo ndinu. Ine ndinena kuti munandiopseza ndi hamala."

Kanyali ka chotchajira kanayaka kofiira. A Osório anakhala pabenchi n'kumakayang'ana. Anthu ankalowa, kumetedwa, kutuluka. Kunja kamvuluvulu ananyamula mapepala n'kuwasiya padenga la sukulu. Anayesa kuwerenga mapemphero monga mwa masiku onse, koma ankati akafika pa asanu, maganizo apita kuphanga, n'kuyambiranso. Nthawi imeneyi amayi amakhala atabwerako kumunda. Nthawi imeneyi amakhala akutsuka zigubu.

Kanyali kanasanduka kobiriwira dzuwa litadutsa pamutu. Mabowo otsala anali anayi, ndipo batire limodzi linkaboola anayi ndendende, popanda chotsala. Anaimirira, thumba lili m'manja. Akanyamuka pompo akafika msanga, koma likakathera pabowo lomaliza ndiye kuti mawa abwereranso, ndipo mawa palibe amene adzadikire. Anakhalanso pansi n'kulumikiza lachiwiri. Anadikira mpaka Leonardo atameta anthu awiri, kenako analizula lisanadzaze.

Njira yobwerera inali yotentha ngati chiwaya. Mchenga unkagwira matayala, ndipo pokwera mitunda ankatsika n'kumakankha. Sanapite kunyumba. Anakhotera m'minda ya chinangwa, n'kusiya njinga itagwa m'mizere, n'kuyenda mothamanga.

Pansi pa mkuyu panali amayi asanu ndi atatu, zigubu zopanda kanthu zili mbali. Ena anali atagona pazitenje. Pakhomo penipeni pa phanga panakhala mayi Constância, atatambalala, miyendo itatseka njira yonse, akusenda chinangwa m'lichero. Makoko anali mulu. Chigubu chawo chinali pambali, chouma.

"Afika eni ake a phanga!" anakuwa Belinha, mayi wachitsikana wa ana atatu. "Tio, akazi anuwa atisandutsa akaidi. Kuyambira m'mawa! Ndati ndingotsika kamodzi ine wa maondo abwino, akuti ukadutsa pano udutsa pamutu panga."

"Ndipo ukanadutsa ndikanakusenda ngati chinangwachi," anatero mayi Constância, osadzutsa mutu. Kenako anayang'ana amuna awo, kuyambira kumapazi ofumbirira mpaka kumaso. "Mwachedwa. Ana a anthu ali ndi ludzu."

"Kanyali kanachedwa."

"Mwadya?"

"Ayi."

Anawapatsa chinangwa chachiwisi chimodzi, n'kupinda miyendo kuti adutse.

A Osório anamanga chingwe, n'kutsika pazitsulo zawo zinayi, n'kukhala pakathabwa moyang'anana ndi kamimba ka thanthwe.  Anagogoda, kumvetsera, kuika chizindikiro. Makina anayamba kusinja, phokoso likudzaza phanga lonse, mileme ikuuluka kuchoka mkati. Mabowo awiri anatha, chopondera chachisanu chinamangidwa. Anatsitsa kathabwa. Lachitatu linatha. Pa lachinayi, nsonga itangolowa theka, makina anayamba kulira mwaulesi, kenako anaima.

"Zatha?" anafunsa Belinha kuchokera kumwamba.

"Takhala chete, iwe," anatero mayi Constância.

Anakola chingwe m'khwapa kuti manja onse amasuke. Anachotsa batire lakufa n'kuliika m'malaya, n'kulowetsa lachiwiri lija. Anabwezera nsonga m'bowo n'kukanikiza. Fumbi loyera linayambanso kutsika pamkono. Nsonga inalowa mpaka pachizindikiro chake.

Anauzira m'bowomo mpaka fumbi linasiya kutuluka. Anagwirizitsa chopondera chachisanu ndi chimodzi pamabowo ake, n'kukhoma bawuti la kumanzere, kenako la kumanja. Anatenga sipanala n'kumanga, uku pang'ono, uku pang'ono, mpaka inakana kuyenda. Anachoka pakathabwa n'kuponda chitsulocho ndi miyendo yonse iwiri, n'kudzigwedeza katatu. Kenako anapukuta fumbi pachitsulopo ndi chikhatho, n'kuika sipanala m'thumba.